Kusankha Njira Yofunditsira Kanyumba Kakuseri ndi Kutenthetsera Madzi Osamba ku Mzuzu

Mzinda wa Mzuzu uli pamalo okwera, mamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, n'chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, m'mawa kumacha ndi nkhungu, ndipo mvula yamawawa imatha kubisa dzuwa kwa masiku angapo otsatizana. Nyumba zikuluzikulu za ku Katoto, Chimaliro kapena Luwinga zambiri zinamangidwa ndi siling'i komanso giza (thanki yotenthetsera madzi osamba), koma kanyumba kakuseri, kamene ambiri amakatcha boyizikota, kawirikawiri kamamangidwa pomalizira ndi zipangizo zotsala, pansi pa malata opanda siling'i, pakona ya poloti pamene dzuwa limafika mochedwa. Komatu m'tinyumba timeneti mumagona anthu: wophunzira wa pa Yunivesite ya Mzuzu amene akuchita lendi, agogo amene abwera kuchokera kumudzi kudzalandira chithandizo cha kuchipatala, wantchito wa pakhomo, kapena mlonda. Anthu amenewa amamva kuzizira monga momwe amamvera eni nyumba, ndipo akasiyidwa kuti adzionere okha, njira imene amatsala nayo ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, imene ndi yoopsa kuposa zonse. Malangizo awa akutsata dongosolo limene kugula chipangizo kumabwera pamapeto, mutatha kudziwa ntchito ya kanyumbako, kutseka potulukira kutentha, ndi kuwerengera mphamvu imene ikufunikadi.

Yambani ndi ntchito ya kanyumbako

Musanapite kusitolo iliyonse, lembani papepala mayankho a mafunso anayi. Kodi m'kanyumbamo mudzagona munthu usiku uliwonse, kapena ndi alendo okha amene amabwera pa Khirisimasi ndi pamaukwati? Kodi anthu osamba adzakhala angati, ndipo adzasamba m'mawa kapena madzulo? Kodi kanyumbako ndi kogona, kapena ndi kogwiriramo ntchito masana monga ofesi, telala kapena saluni? Nanga ndani adzalipira mayunitsi a magetsi? Funso lomalizali ndi limene limadanitsa alandilodi ndi anthu a lendi, pakuti hita imodzi yoyaka usiku wonse imatha kudya mayunitsi oposa a nyumba yaikulu yonse, ndipo ngati mita ili imodzi, mkangano suchedwa. Ngati kanyumbako ndi ka lendi, pitani ku ofesi ya ESCOM mukafunse za mita yakeyake ntchito isanayambe.

Dziwaninso kuti nkhaniyi ili pawiri. Kufunditsa chipinda kumafunika kwa miyezi itatu kapena inayi pachaka, kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, pamene madzi otentha osamba ku Mzuzu amafunika pafupifupi chaka chonse. M'mayiko ozizira kwambiri a ku Ulaya, makina amodzi amatenthetsa madzi osamba ndi kuzungulitsanso madzi otentha m'mapaipi a m'zipinda, koma kwa kanyumba ka chipinda chimodzi kapena ziwiri kuno kwathu, ndalama zoterozo sizingabwerere. Ndi bwino kusankha njira ziwiri zosiyana, ndipo gawo lalikulu la ndalama lipite ku madzi.

Tsekani potulukira kutentha

Sitepe iyi ndi imene anthu ambiri amailumpha, chonsecho ndi yotsika mtengo ndipo phindu lake silitha. Lowani m'kanyumbamo masana, mutseke chitseko ndi mawindo onse, kenako muyang'ane paliponse pamene kuwala kukulowera: pakati pa khoma ndi malata, pansi pa chitseko, m'mphepete mwa mafelemu, ndi pakati pa magalasi a mawindo a maluva amene nthawi zambiri satsekeka bwino. Paliponse pamene pakulowa kuwala, usiku pamalowa mphepo. Mudzalowenso m'mawa kwambiri mu Juni, dzuwa lisanatuluke, ndi kuyang'ana kunsi kwa malata. Mudzaona timadontho ta madzi titandanda m'mizere ya malatawo, tina tikudonthera pabulangete. Madzi amenewo si mvula ayi, koma chinyezi cha mpweya umene munthu wapuma usiku wonse, chimene chasanduka madzi chitakhudza lata lozizira, ndipo ndi umboni wakuti kutentha konse kwa m'chipindamo kukuthawira kudenga.

Choncho chinthu choyamba kugula ndi siling'i. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndipo lata ndi chitsulo chopyapyala chimene sichisunga kutentha ngakhale pang'ono. Siling'i ya mabodi, kapena ya matabwa a paini amene amapezeka mosavuta kuno chifukwa cha nkhalango ya Chikangawa, imachepetsa malo ofunika kufunditsa komanso imatsekera mpweya wofunda m'munsi. Ngati kanyumbako simunafolere, uzani akalipentala ayale pepala lonyezimira lotchinga kutentha pansi pa malata, ndipo ngati ndalama zilipo, pamwamba pa siling'i payalidwenso zofunda za denga zimene amagulitsa m'masitolo a zomangira. Pansi pa chitseko khomani kachidutswa ka labala, pamawindo ikani makatani okhuthala ofika m'munsi, ndipo pasimenti yalani mkeka kapena kapeti, chifukwa simenti yozizira imakoka kutentha kwa mapazi. Komabe musatseke timabowo tampweya tonse ta m'khoma. Chipinda chogona munthu chimafunika mpweya wolowa ndi wotuluka, ndipo ku Mzuzu, kumene chinyezi ndi chambiri, chipinda chotsekedwa kotheratu chimachita nkhungu m'makoma ndi m'zovala. Chimene mukuchotsa ndi mphepo yodutsa, osati mpweya wopuma.

Ngati mukumanga kumene, ikani zenera lalikulu kumbali ya kumpoto. Popeza Mzuzu uli kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati, pa madigiri pafupifupi 11 ndi theka, m'mwezi wa Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto ndi madigiri pafupifupi 35, ndipo zenera loyang'ana kumeneko limalowetsa dzuwa limene limafunditsa simenti ndi makoma popanda kulipira kanthu.

Onani mphamvu ya magetsi ndi madzi amene akufika pamalopo

Tinyumba tambiri timalandira magetsi kudzera pa waya wowonda amene anakokedwa kuchokera pa soketi ya nyumba yaikulu kuti aziyatsira babu ndi wailesi. Waya woteroyo sangathe kunyamula giza kapena hita. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba pa mavoti 230, ndipo soketi wamba yamano atatu imalola ma ampu 13 okha, kutanthauza mawati pafupifupi 3,000. Hita ya mawati 2,000 imakoka ma ampu pafupifupi 9, ndipo mukailumikiza pamodzi ndi ketulo pa ekisitenshoni imodzi, wayayo amatentha mpaka pulasitiki yake kusungunuka. Itanani katswiri wa zamagetsi amene ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA, osati mnyamata wongodziwa kulumikiza mawaya, kuti akoke chingwe chakechake kuchokera pa bokosi lalikulu la magetsi. Chingwecho chikhale cholimba chokutidwa ndi zitsulo, chikwiriridwe pansi pa kuya kosachepera theka la mita kuti khasu la wolima dimba lisachipeze, ndipo kukula kwake kuwerengedwe potengera kutalika kwa mtunda, popeza waya akatalika mphamvu imatsika m'njira. M'kanyumbamo muikidwe kabokosi kake kokhala ndi chodulira magetsi cha earth leakage cha 30 mA, chimene chimazimitsa magetsi m'kanthawi kochepa munthu akagwidwa ndi shoko. Pamalo pamene pali madzi ndi magetsi pamodzi, chipangizo chimenechi si chokambirana.

Kumbukiraninso kuti magetsi athu ambiri amachokera kutali, m'malo opangira magetsi a EGENCO a Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire. Pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunapitirira mpaka mu 2023. Njira iliyonse imene mungasankhe iyenera kuyankha funso lakuti munthu adzasamba bwanji tsiku limene magetsi kulibe.

Za madzi, tengani ndowa ya malita 10 ndi wotchi, mutsegule mpopi wa pakanyumbapo mpaka kumapeto, ndipo muone nthawi imene ndowayo ikutenga kuti idzaze. Chitani zimenezi m'mawa cha m'ma 6 koloko pamene anthu ambiri akutunga, osati usiku pamene madzi a Northern Region Water Board amakhala ndi mphamvu. Ndowa ikadzaza pasanathe mphindi imodzi, madzi anu ndi okwanira pa chipangizo chilichonse. Ikatenga mphindi ziwiri kapena kuposerapo, zipangizo zotenthetsa madzi pompopompo zidzakuvutitsani. Ngati madzi amachokera m'thanki ya pa nsanja, dziwani kuti mamita 10 a kutalika ndiwo amapereka mphamvu ya bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankhira madzi mupaipi), motero thanki ya pa mamita 4 siifika ndi theka lomwe.

Pali ena amene amaganiza zongokoka paipi ya madzi otentha kuchokera pa giza ya nyumba yaikulu. Zimenezi zimatheka ngati kanyumbako kali pafupi kwambiri, koma paipi ya hafu inchi imasunga madzi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a lita pa mita iliyonse, choncho pa mtunda wa mamita 20 munthu amataya malita 4 a madzi ozizira nthawi iliyonse asanalandire otentha, ndipo malita 4 otentha amatsalira m'paipi n'kuzizira pachabe.

Werengerani musanasankhe

Chiwerengero chimodzi chokha ndi chimene muyenera kusunga: kuti lita imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi, pamafunika mphamvu yofanana ndi mawati 1.16 oyaka kwa ola limodzi, ndipo yunitsi imodzi ya pa mita ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Tiyerekeze kuti madzi a mumpopi m'nyengo yozizira ali pa madigiri 15. Ndowa ya malita 20 yofunditsidwa kufika pa madigiri 40, amene ndi abwino kusamba, imadya mayunitsi pafupifupi 0.6. Giza ya malita 50 yotenthetsedwa kufika pa madigiri 60 imadya mayunitsi 2.6, ya malita 100 imadya 5.2, ndipo ya malita 150 imadya pafupifupi 8. Chulukitsani manambala amenewa ndi masiku 30 komanso ndi mtengo wa yunitsi umene uli pa lisiti lanu la mwezi uno, ndipo mudzaona nokha kusiyana kwa giza yoyenera ndi giza yaikulu mopyola muyeso.

Sankhani njira ya madzi otentha

Ngati kanyumbako ndi ka alendo a apo ndi apo, musawononge ndalama. Ketulo yamagetsi ndi ndowa n'zokwanira, pakuti malita 5 owira osakanizidwa ndi malita 15 ozizira amapereka madzi ofunda osambira munthu mmodzi. Chimene muyenera kuletsa ndi mawaya otenthetsera madzi ongopanga okha, aja oviika m'ndowa ali maliseche, chifukwa munthu akangopisa dzanja kuti amve ngati madzi atentha, shoko yake imatha kupha.

Kwa munthu mmodzi kapena awiri okhalamo tsiku ndi tsiku, giza yamagetsi ya malita 50 ndi yotsika mtengo pogula ndipo ndi yosavuta kuika. Yokhala ndi element (chitsulo chotenthetsa madzi mkati mwa giza) ya mawati 2,000 imatenthetsa madziwo pa ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 20, ndipo chifukwa imasunga madzi, munthu amatha kusamba ngakhale magetsi atathima m'mawa. Thermostat yake, kachipangizo kozimitsa magetsi madzi akafika pa kutentha kumene mwasankha, ikhale pa madigiri 60. Mukaitsitsa kwambiri pofuna kupulumutsa mayunitsi, madzi ofunda okhalitsa m'thanki amaswanitsa tizilombo ta Legionella timene timayambitsa chibayo, ndipo mukaikweza kwambiri mumangotaya magetsi ndi kuika ana pangozi yopsa. Ikani timer, kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi yoikika, kuti gizayo iziyaka maola awiri nthawi yosamba isanakwane m'malo moyaka tsiku lonse. Shawa yamagetsi yotenthetsa pompopompo, ija yomangirira pamutu pa shawa, imakopa anthu chifukwa cha mtengo wake, koma ku Mzuzu imakhumudwitsa: ya mawati 3,500 imatha kufunditsa malita 2 okha pa mphindi ngati madzi akufunika kukwera ndi madigiri 25, motero mu Julayi munthu amasankha pakati pa madzi ofunda ongodontha ndi madzi ambiri ozizira. Imakokanso ma ampu oposa 15, kotero singalumikizidwe pa soketi wamba, ndipo popanda waya wa earth wolumikizidwa bwino, siyenera kuikidwa n'komwe.

Kwa kanyumba kokhalamo anthu chaka chonse, maganizo anga ndi akuti giza ya sola yokhala ndi element yamagetsi yothandizira ndiyo njira yabwino kuposa zonse, ngakhale kuti ndi yokwera mtengo pogula. Giza imeneyi sipanga magetsi ayi. Dzuwa limatenthetsa madzi m'machubu agalasi kapena m'mbale yakuda, madzi otenthawo amakwera okha kulowa m'thanki imene ili pamwamba pake, ndipo ozizira amatsikira m'machubu, popanda pampu. Amisiri ambiri amawerengera malita 50 pa munthu aliyense, choncho ya malita 100 imakwanira anthu awiri, koma chifukwa cha mitambo ya kuno, kutenga ya malita 150 si kuwononga. Ya machubu agalasi imagwira bwino m'nyengo yozizira chifukwa pakati pa magalasi ake awiri palibe mpweya, motero kutentha kumene yakola sikubwerera kunja ngakhale kukuwomba mphepo. Iyenera kuyang'ana kumpoto, yopendekeka ndi madigiri pakati pa 20 ndi 30 kuti ikole bwino dzuwa la mu Juni, ndipo musanasankhe malo, imani pamalopo nthawi ya 9 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 3 koloko madzulo kuti muone kumene mthunzi wa nyumba yaikulu, wa mtengo wa mapeyala kapena wa mabulugamu a aneba ukugwera. Tinyumba takuseri tambiri tili mumthunzi theka la tsiku, ndipo zikatero ndi bwino kumanga nsanja yachitsulo pamalo owala kusiyana ndi kukakamira padenga.

Nkhani ya denga ndi yofunika kuisamala. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho giza ya malita 150 yodzaza, pamodzi ndi thanki, machubu ndi felemu yake, imafika makilogalamu pafupifupi 200, ndipo denga la kanyumba lomangidwa ndi timatabwa towonda silinakonzedwere katundu wotere. Kalipentala alione kaye ndi kulilimbitsa. Funsaninso wogulitsa ngati gizayo ndi ya mphamvu yochepa ya madzi kapena ya mphamvu yambiri. Ya mphamvu yochepa ndi yotsika mtengo, imadzazidwa kudzera m'kathanki kakang'ono kokhala pamwamba, ndipo madzi amatsika ndi kulemera kwawo kokha, choncho shawa yake imakhala yofooka ngati gizayo ili pafupi ndi mutu wa wosamba; ikalumikizidwa mwachindunji ku paipi ya Water Board imaphulika m'malumikizidwe. Element yothandizira ija ndi imene idzakupulumutsani sabata ya mawawa, koma ikhale ndi switchi yake kuti iziyatsidwa pokhapokha dzuwa likasowa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala vuto limatembenuka, chifukwa madzi amatha kufika pafupi kuwira, ndipo pulambala ayenera kuika valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira asanafike kubafa, makamaka ngati mukhala ana kapena okalamba. Dziwitsaninso okhalamo kuti madzi a sola amatentha kwambiri madzulo, kotero amene angathe kusamba madzulo amapindula kuposa wosamba mbandakucha.

Giza ya gasi ili ndi ubwino wakuti siidalira ESCOM kapena dzuwa, ndipo kilogalamu imodzi ya gasi ili ndi mphamvu yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 13 a magetsi. Imayaka yokha munthu akatsegula mpopi, koma imafuna madzi othamanga bwino, n'chifukwa chake kuyesa kwa ndowa kuja kunali kofunika. Iyenera kuikidwa kunja kwa khoma m'kabokosi kolowa mpweya, kapena ikhale ndi chumuni chotulutsira utsi kunja, ndipo isaikidwe m'bafa kapena m'chipinda chogona. Silinda ikhale panja, yoimirira, kutali ndi ngalande ndi maenje, popeza gasi ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akadontha amakhazikika pansi. Pomaliza pali njira yakale ya mgolo womangidwa pa ng'anjo ya njerwa, wosonkhezera nkhuni kunja kwa nyumba, umene ukugwirabe ntchito m'malo ambiri ogona alendo. Ndi wabwino kwa amene ali ndi mitengo yawoyawo kapena amapeza zidutswa za matabwa mosavuta, koma uyenera kukhala ndi paipi yotseguka yoloza kumwamba yotulutsira nthunzi, chifukwa mgolo wotsekedwa ukawira umaphulika. Pa njira zonsezi, mapaipi a madzi otentha akhale a kopa kapena obiriwira aja a PPR, osati a PVC amene amafewa ndi kutentha, ndipo akutidwe ndi zofunda za mapaipi paliponse pamene adutsa panja.

Sankhani chofunditsira chipinda

Kufunditsa munthu n'kotsika mtengo kwambiri kuposa kufunditsa chipinda chonse, ndipo manambala akuonetsa zimenezi poyera. Hita ya mawati 2,000 ikayaka maola 5 usiku uliwonse imadya mayunitsi 10, amene ndi mayunitsi 300 pamwezi. Bulangete lamagetsi nthawi zambiri limakoka mawati osapitirira 100, motero ngakhale litayaka maola 8 silimaliza yunitsi imodzi, ndipo botolo la labala la madzi otentha limangofuna ketulo imodzi. Kwa kanyumba kongogonamo, kamene kali kale ndi siling'i ndi makatani, mabulangete abwino ndi chimodzi mwa ziwirizi n'zokwanira pa masiku ambiri. Bulangete lamagetsi lisapindidwe likuyaka, lisagwiritsidwe ntchito pa khanda kapena pa munthu amene amanyowetsa pogona, ndipo likayamba kuonetsa mawaya litayidwe.

Ngati m'chipindamo mukhala wokalamba, wodwala kapena munthu wowerenga mpaka usiku, hita ikufunika. Pa chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali chokhala ndi siling'i, hita ya mawati 1,000 mpaka 1,500 imakwanira. Yamagetsi yokhala ndi mafuta otsekeredwa mkati, yooneka ngati nthiti zachitsulo, ndiyo yoyenera m'chipinda chogona, chifukwa ilibe chitsulo chofiira choonekera, ili ndi thermostat imene imazimitsa yokha chipinda chikafunda, ndipo imapitiriza kutulutsa kutentha kwa kanthawi magetsi atathima. Ya timipiringidzo tofiira imafunditsa msanga munthu amene wakhala patsogolo pake, choncho ndi yabwino mu ofesi kapena mwa telala, koma iyenera kutalikirana ndi makatani, neti ya udzudzu ndi zovala ndi mita imodzi, ndipo isasiyidwe yoyaka munthu akugona. Mahita onse amagetsi a mtundu umenewu amasandutsa yunitsi imodzi kukhala kutentha kofanana, choncho musakopeke ndi wogulitsa amene akunena kuti yake imatentha kwambiri pa magetsi ochepa. Musayesenso kuyatsa hita pa sola ya m'nyumba yoyatsira mababu: batire ya mavoti 12 ndi 100 Ah imasunga mayunitsi 1.2 okha, amene hita ya mawati 2,000 ingawamalize pasanathe mphindi 40, n'kuwononga batireyo.

Amene ali ndi nkhuni angathe kuika chitofu chachitsulo chotsekedwa chokhala ndi chumuni chotulukira pamwamba pa denga. Chikhale pa simenti, chitalikirane ndi matabwa, ndipo pamene chumuni chikudutsa pa siling'i pakhale mpata wotetezedwa ndi chitsulo. Nkhuni zikhale zouma bwino. Paini amayaka msanga koma utomoni wake umasiya mwaye wambiri m'chumuni, umene umatha kugwira moto ngati suchotsedwa chaka ndi chaka, ndipo matabwa opakidwa penti kapena mankhwala a chiswe asasonkhezedwe konse.

Tsopano za mbaula. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sutsokomoletsa. Mpweya umenewu ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, ndipo munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Ngati ali m'tulo sadzuka n'komwe. Makala ofiira amene asiya kufuka utsi ndi oopsa chimodzimodzi, ngakhale ambiri amakhulupirira kuti utsi ukatha ngozi yatha. Chomvetsa chisoni n'chakuti siling'i ndi kutseka mipata kumene talimbikitsa poyamba kuja kumachititsa mbaula kukhala yoopsa kwambiri, chifukwa mpweya woipawo umasowa potulukira. Choncho mwini nyumba amene wakonza kanyumba kake ali ndi udindo wouza wokhalamo momveka bwino kuti mbaula, kaya ndi yachitsulo kapena Chitetezo Mbaula, ndi yophikira panja kapena pakhonde, ndipo isalowe m'chipinda chogona ngakhale kuzizire motani. Kuletsa kokha sikukwanira ngati simunapereke njira ina, ndipo mlonda kapena wantchito amene mwamuletsa mbaula mum'patse bulangete lokwanira, jekete ndi botolo la madzi otentha. Mukapeza munthu atafooka m'chipinda mmene muli mbaula, tsegulani zitseko ndi mawindo, mum'tulutsire panja msanga, ndipo muthamangire naye kuchipatala ngakhale ataoneka kuti watsitsimuka. Hita ya gasi yoyenda ndi matayala nayonso imadya mpweya wa m'chipinda ndi kuwonjezera chinyezi, motero igwiritsidwe ntchito zenera lili lotsegula pang'ono ndipo izimitsidwe munthu asanagone. Kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide n'koyenera kuikidwa m'kanyumba kalikonse koyatsa gasi kapena nkhuni.

Kulemba amisiri ndi kuyesa ntchito

Ngati mukumanga kanyumba katsopano kapena kuwonjezera bafa, pulani yake iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, ndipo ndi bwino kuti malo a giza, chingwe cha magetsi ndi ngalande ya madzi osamba zionekere pa pulaniyo kuyambira pachiyambi. Funsani mitengo kwa amisiri osachepera awiri, yolembedwa papepala, yosiyanitsa mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito. Pogula giza, funsani ngati element, thermostat ndi machubu agalasi osinthira amapezeka ku Mzuzu konkuno, chifukwa chubu limodzi likasweka pa giza ya mphamvu yochepa madzi onse amatayika, ndipo kudikira kuti lichokere ku Lilongwe ndi masiku osamba madzi ozizira. Gulani machubu awiri apadera tsiku lomwelo ndi kuwasunga pamalo abwino.

Musamalize kulipira ntchito isanayesedwe inu mukuona. Wa zamagetsi akanikize batani loyesera la earth leakage kuti muone magetsi akuthima, kenako hita ndi giza ziyake limodzi kwa theka la ola, mugwire pulagi ndi chivundikiro cha soketi kuti mumve ngati zikutentha. Pulambala akuonetseni valavu yotulutsa madzi mphamvu ikachuluka m'giza, ndipo paipi yake ilozedwe panja pamene sipadutsa anthu. Pa gasi, pakani thovu la sopo pa malumikizidwe onse, ndipo pamene patuluke timathovu totukumuka ndi pamene pakudontha. Machesi asagwiritsidwe ntchito poyesa. Giza ya machubu agalasi idzazidwe madzi m'mawa kwambiri kapena madzulo, chifukwa madzi ozizira akalowa m'machubu amene akhala padzuwa opanda kanthu, galasi limasweka. Chaka chilichonse, mvula ikamatha ndipo kuzizira kusanayambe, pukutani machubu a sola, dulani nthambi zimene zayamba kuwaphimba, chotsani mwaye m'chumuni, onani ngati paipi ya labala ya gasi yayamba kung'aluka, ndipo yesaninso batani la earth leakage lija.